Ana akujambula nyama bwino, koma Chingerezi chikuvuta pakamwa

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ana a Sitandade 4 amakhala m'magulu a ana 6, gulu lililonse n'kujambula ndi makala pa katoni nyama imodzi ya ku Liwonde, kaya njovu, mvuu kapena chipembere. Kenako amalemba ziwalo zake m'Chingerezi, monga "trunk", "tusk" ndi "horn". Pa mphindi 35, kujambula kokha kumadya 25.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi katchulidwe. "Rhino" amati "laino" poti m'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, ndipo "tusk" imasanduka "tasiki" chifukwa mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u. Kodi ndiziwakonza pomwepo, kapena ndizidikira amalize chiganizo kuti asachite manyazi? Nanga kujambulako azikachitira kunyumba?