Kodi ndisiye ntchito kuti ndiyambitse malo ochezera a pa intaneti a amalonda?

Mnyamata wa ku Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kwa zaka 3 ndakhala ndikusanthula ziwerengero za pa intaneti pa kampani ina muno mu Lusaka, ndipo ntchito yanga ndi kuona anthu amene atsegula tsamba, nthawi imene amabwera ndiponso pamene amatopera n'kuchoka. Tsopano mtima ukundiuza kuti ndisiye, ndipange malo ochezera a pa intaneti a amalonda a ku Kamwala ndi ku Soweto Market, kuti azidziwitsana mitengo ndi kupezana ndi anthu oodetsa katundu. Kodi luso ndili naloli lingandikwanire?

Mayi wa ku Kabwata:
Mwanawe, musafulumire kutula pansi udindo. Reid Hoffman asanatsegule LinkedIn, tsamba lochezerapo anthu apantchito, mu 2003 anali atagwira kale ntchito ku PayPal, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, kotero ndalama ndi anthu omukhulupirira anali nazo. Koma nkhani yoyenera kuisinkhasinkha ndi ya Mxit ya ku South Africa, imene inayamba mu 2005. Achinyamata mamiliyoni ankachezerapo pa mafoni a mabatani, koma mafoni amakono ndi WhatsApp zitafala, anthu anasamuka ndipo inatsekedwa mu 2016. Mng'ono wanga amagulitsa zitenje ku Kamwala komweko. Katundu akangofika, amayala chitenje pa kauntala n'kuchijambula, amatumiza chithunzicho pa gulu la WhatsApp, ndipo asanatseke shopu ndalama zimakhala zalowa pa Airtel Money. Inuyo mudzamupatsa chiyani choti asiyire zimenezi, pamene bando yake amaiwerengera ngati mchere?

Bambo wa ku Matero:
Amayiwa anena zoona, komabe sindikufuna kuti mugwe ulesi. Ziwerengero zimene mumasanthulazo zimakuuzani kuti munthu wachoka pa tsamba, koma chimene chamuchotsa mungachimve pokhapokha mutakhala naye pansi. Yambani ndi amalonda owerengeka mukadali pa ntchito, ndipo mukacheze ndi a ku BongoHive, amene akhala akuthandiza oyamba mabizinesi a zaumisiri kuyambira mu 2011. Kulembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, si kovuta kwenikweni. Chimene ambiri amaiwala ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2021, limene lidzakukhudzani mukangoyamba kusunga manambala a mafoni a eni ake.

Mnyamata wa ku Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse, kalata yosiyira ntchito ndayamba ndaibweza m'chikwama. Amayi, ngati ang'ono anu angalole, ndikufuna ndikakhale nawo m'shopu Loweruka lonse ndi kope langa, ndione mmene amasungira mayina a amene atenga zitenje pa ngongole.