Kodi ndingawonjezere bwanji mphamvu ya graphics pa laputopu yanga?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za makompyuta. Laputopu yanga ili ndi purosesa ya Intel Core i5-8250U, yomwe inatuluka m'chaka cha 2017, ndipo graphics yake (gawo lopanga zithunzi zooneka pa sikirini) ndi Intel UHD 620, imene ili m'kati mwa purosesa momwemo. Pa ntchito zolemba imayenda bwinobwino, koma ndikatsegula Blender, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D, n'kuyamba kutembenuza pulani ya nyumba, chithunzi chimayenda modukiza, fani imalira kwambiri, ndipo kunsi kwake kumatentha moti sindingayiike pamiyendo.

Ndikudziwa kuti graphics yotereyi singachotsedwe n'kuikapo ina, chifukwa purosesayo inamatidwa pa motherboard. Komabe, popeza graphics imeneyi ilibe memory yakeyake ndipo imabwereka ku RAM, yomwe ndi memory ya laputopu yonse, ine ndikuganiza kuti poyambira ndi pamenepo. Panopa muli RAM imodzi ya 8 GB ndipo malo achiwiri ndi opanda kanthu. Kodi kuikamo ina yofanana nayo, kuti ziziyenda mu dual channel (ziwirizo zizigwira ntchito nthawi imodzi), kungabweretse kusintha kooneka ndi maso pa ntchito ngati imeneyi?

Njira ina ndi ya eGPU, yolumikiza khadi la graphics lakunja kudzera pa Thunderbolt 3, yomwe ndi malo olowetsapo chingwe ndipo laputopuyi ili nayo. Chikundikayikitsa n'chakuti bokosi loikamo khadilo limafuna magetsi akeake, ndipo mtengo wa bokosi ndi khadi pamodzi ukhoza kuyandikira wa desikitopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Amene munayesapo, kodi liwiro limatsika kwambiri mukamaonera pa sikirini ya laputopu yomweyo m'malo mwa sikirini yapadera?