Paipi ikungosololoka pa joini kukacha, ku Tsangano

Ankhoma, Tsangano: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Kuno kuli kalabu ya alimi a kachewere, ali ndi pampu ya sola kumtsinje ndi thanki ya malita 5,000 kumtunda. Amene anawaikira ali ku Joni ndipo foni sakuyankha, ndiye aitana ine. Kuchokera kumtsinje anayala paipi yakuda ija ya mpukutu, 50mm, mamita 120, osakwirira. Pa sitandi ya thanki anailowetsa mu soketi ya PVC n'kumata guluu. Joini imeneyo ndiyo yavuta. Alimi amatanso okha, amangapo lekeni, koma kukacha amapeza yasololoka, pampu ikadzuka madzi n'kumangothira pansi pa sitandi. Mbatata ili pa maluwa, anthu sakundipatsa mpata.

Gift wa Sola, Mlangeni: Imeneyo ndi pressure bwana. Pampu yakula, kapena paipi ndi ya class yochepa. Kuchoka pamadzi kufika pa thanki pakwera mamita angati?

Ankhoma, Tsangano: Pafupifupi 35. Papaipi analemba PN10.

Angozo, Lizulu: Gift, tawerengera bwino mwana wanga. Mamita 10 okwera ndi bar imodzi ya pressure, ndiye 35 ndi bar zitatu ndi theka, tiwonjezereko pang'ono za kukhuzana kwa madzi m'paipi. PN10 ikutanthauza kuti paipiyo imanyamula bar 10. Komanso pressure yaikulu imakhala kumunsi, kufupi ndi pampu, pamene joini ikuchokayi ili kumtunda. Ankhoma, tandiuzeni, imachoka pampu ikuyenda kapena usiku? Nanga ikachoka, mutu wa paipi mumaupeza pati?

Ankhoma, Tsangano: Masana sichoka, imangodontha. Lero ndalawirira dala, mame asanaume. Ndapeza mutu wa paipi wabwerera m'mbuyo, pakati pa iyo ndi soketi pakulowa chikhatho changa chonse. Kuikoka kuti ifike, yakana. Koma pofika cha m'ma 11 koloko inali yafika yokha, mpaka kupindikako. Guluu uja ndamusenda ndi chikhadabo, wachoka yense ngati khungu, paipi pansi pake ili see, yosalala.

Angozo, Lizulu: Basi, mwadziyankha nokha. Matenda ndi awiri, ndipo pampu ilibe mlandu.

Anamaseko, Ntcheu boma: Mundilole ndifotokoze za guluuyo, chifukwa mafundi ambiri zikuwadyera ndalama. Wa PVC uja dzina lokha ndi guluu. M'chitinimo muli mankhwala osungunula, amafewetsa khungu la paipi ndi la soketi, ziwirizo n'kusakanikirana, mankhwalawo akauma zatsala chinthu chimodzi. N'chifukwa chake joini ya PVC yomata bwino simungaimasule, mumachita kudula. Koma paipi yakudayo si PVC, ndi HDPE, pulasitiki ya mtundu wina. Muli carbon ndi hydrogen basi, pamene PVC kulemera kwake koposa theka ndi chlorine. Njira yopangira HDPE anaitulukira Karl Ziegler ku Germany mu 1953, mpaka analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1963. Chimene anakwanitsa n'chakuti timaunyolo ta pulasitikiyo tizituluka towongoka, topanda nthambi zambiri, ndiye timapanikizana kwambiri moti mankhwala a m'guluu sapeza polowera. Amangouma pamwamba, n'zimene mwasenda ndi chikhadabozo. Taonani pansi pa chigubu cha mafuta ophikira, mupeza nambala 2 m'kachizindikiro ka makona atatu. Ndi pulasitiki yomweyo. Ndani anamatapo chigubu chobooka ndi guluu wa mapaipi n'kugwira?

Gift wa Sola, Mlangeni: Aphunzitsi ayamba kalasi. Koma ine ndinaonapo ena akupala paipi yakuda ndi sandpaper kenako guluu, ikugwira.

Anamaseko, Ntcheu boma: Imagwira pomwe fundi akulandira ndalama. Mudzapiteko pakatha mwezi.

Angozo, Lizulu: Nthenda yachiwiri ndi chisanu cha kwanuko. HDPE imatalika ikatentha, imafupika ikazizira, pafupifupi 0.2mm pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Zimaoneka zochepa, koma tachulukitsani. Paipi yakuda ikakhala padzuwa pampu itaima imatentha moti simungaigwire nthawi yaitali, ndipo m'bandakucha wa July ku Tsangano mukuudziwa nokha. Tingoti kusiyana kwake ndi madigiri 30. Mamita 120 kuchulukitsa ndi 0.2, kuchulukitsanso ndi 30, zikupereka 720mm. Masentimita 72 amenewo. Sionse amene amafika pa joini, ena amathera m'mapindikidwe ndi m'kukhuzana ndi dothi, koma ngakhale kota yake ndi chikhatho chanu chija. Mnzathu wa ku Joniyo ayenera kuti anayala masana dzuwa lili pamutu, n'kukoka kuti thwii kuti mpukutu umukwanire, n'kudula pomwepo. Usiku woyamba womwewo paipi inayamba kudzikoka. PVC nayo imafupika, koma pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la HDPE, ndipo yanuyo ndi yaifupi, yomangirira ku sitandi. Ndiye imodzi ikuthawa, inayo yaima.

Madala a ku Bembeke: Kale tinkangowotcha mutu wa paipi pamoto, ina n'kulowetsa mwa inzake, waya pamwamba. Zinkayenda.

Angozo, Lizulu: Zinkayenda pa madzi otsetsereka okha, achimwene, opanda pampu kumbuyo. Pamene mwawotchapo pamapyapyala, mawa pang'ambika pomwepo. Ndipo PVC musamaiyandikize kumoto, utsi wake uli ndi asidi, umapweteka m'chifuwa.

Ankhoma, Tsangano: Ndamva. Ndigule chiyani tsono? Ndalama za kalabu n'zowerengeka.

aPhiri a Hardware, Dedza: Compression fittings, zija zakuda za nati ya buluu. Mufuna coupling imodzi ya 50 ndi 50 yolumikizira mapaipi akuda awiri, male adaptor (ya mazinga akunja) imodzi ya 50 kupita ku inchi imodzi ndi theka, soketi ya PVC ya mazinga amkati, thread tape, ndi chidutswa cha HDPE cha mamita awiri kapena atatu chowonjezera. Mbali ya PVC mumata guluu monga mwa nthawi zonse, mbali ya HDPE igwidwa ndi mano a m'kati mwa fitting, madzi atsekedwa ndi kamphira kozungulira. Potsegula m'shopu onetsetsani kuti kamphirako kalimo, ena amagulitsa katagwa. Chidutswacho chikhale cholembedwa PE100 (giredi ya HDPE yake) ndi PN yake. Zosalemba kanthu zija za pamsika, zopangidwa ndi mapulasitiki otolera, zisiyeni.

Angozo, Lizulu: Poika, dulani mutu mowongoka, muupale m'mphepete ndi mpeni kuti usalume kamphira, munyowetse ndi madzi a sopo, osati girisi. Mukankhe mpaka mumve kuti yadutsa kamphira n'kukagunda kumapeto. Ambiri amaima pamene yayamba kulimba, n'kumati fitting ndi yabodza. Mazinga a PVC musamange ndi ukali, amang'ambika. Koma chachikulu ndi ichi: ntchito yodula ndi kulumikiza muigwire m'mawa kwambiri paipi ili yofupika, ndipo muisiye igone mokhotakhota, isawongoke. Pafupi ndi sitandi muthirepo kakonkire kogwira paipi, kuti ikamadzikoka izilimbana ndi simenti, osati joini.

Gift wa Sola, Mlangeni: Nanga dzuwa siliiwononga ikakhala pamtunda choncho?

Anamaseko, Ntcheu boma: Yakudayo ayi. Kuda kwakeko ndi carbon black, amathiramo pafupifupi magawo awiri pa 100 aliwonse kuti itchinge kuwala kwa dzuwa. Imene ndikuidera nkhawa ndi PVC yokwera ku thankiyo. Ikakhalitsa padzuwa imachita mbuu n'kuuma, kukazizira mwana kungoigenda yasweka. Ipakeni penti yoyera ya madzi. Komanso PN10 ija amaiyeza pa madigiri 20. Paipi ikafika pa 40 mphamvu yake imatsika pafupifupi kota, ndiye kukwirira kumathandiza mbali zonse.

Madala a ku Bembeke: Kwirirani ndithu, masentimita 60, khasu lisamafike. Mwezi wamawa anyamata a mbewa ayamba kutentha tchire. Moto suona kuti iyi ndi PE100.

Ankhoma, Tsangano: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Zipangizo ndinakatenga ku Dedza Lachitatu, Lachinayi tinalumikiza dzuwa lisanatuluke. Chidutswa chowonjezera chinalowa chonse, sitinadulepo. Mpaka lero joini ili gwa, osadontha. Alimi agawana ngalande, aliyense mamita 10, ndawauza kuti dothi loyamba likhale lopanda miyala ndipo azikwirira m'mawa. Chatsala ndi non-return valve kumunsi, yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, chifukwa mtambo ukadutsa pampu n'kuima, paipi ikumagunda.

aPhiri a Hardware, Dedza: Ya brass ya inchi imodzi ndi theka ilipo. Mutumize kondakitala wa minibasi ya ku Ntcheu, akakusiyireni pa Turn-off.