Thandizeni, ophunzira anga sakutsegula pakamwa pa Chingerezi

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin, dzina langa lisatuluke chonde. Ndayamba kumene kuphunzitsa Chingerezi ndipo mutu waima. Ndimagona 12 koloko ndikulemba lesson plan, koma ndikalowa m'kalasi zonse zimatha pa mphindi 15, zotsalazo timangoyang'anizana. Ndikafunsa funso, zii. Ahedi atabwera kudzaonerera analemba kuti ndimayankhula ndekha ngati wailesi. Mnzanga wa mu staff room anabwereka buku langa la mphunzitsi teremu yatha, mpaka lero akuti mawa. Kunyumbanso bambo akudandaula kuti nyali ikuwasowetsa tulo. Nditani ine?

Mphunzitsi Wopuma: GALAMALA, mwana wanga! Ndagwira choko zaka 34. Lembani ma tense pa bolodi, abwereze kakhumi mokweza. Ndipo Chichewa chizitsala pakhomo.

Madam Ofatsa: Ophunzirawo ndi ana kapena akuluakulu? Alipo angati? Popanda zimenezi tikungolota.

Wanthabwala: Bambowo poti sakugona, muziyeserera pa iwo phunzirolo 😂

Sir wa Language: Planiyo mumalemba zochita inu zokha, mpake ikutha msanga. Igaweni patatu, ija amati PPP. Onetsani chiganizo chatsopano mwachidule, achiyeserere nanu, kenaka akhale awiriawiri azifunsana okha za moyo wawo. Gawo lomalizali likhale lalitali. Mukafunsanso funso, werengani chamumtima mpaka 5 musanadziyankhe nokha.

Mphunzitsi Wopuma: Awiriawiri? Phokoso limenelo! Azikambirana za mpira m'Chichewa inu muli pheee.

Sir wa Language: Bambo, obwereza kakhumi aja ndi omwe amati "my mother he is coming". Lamulo amalidziwa, koma kwathu "iye" ndi mmodzi, mwamuna kaya mkazi. Lilime limazolowera poyankhula.

Mphunzitsi Wopuma: Iwe unabadwa liti? Amene ndinawaphunzitsa ine amalemba kalata yopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Anu a masiku anowa akulephera ndi "their" yemwe.

Wotopa Nazo: Za bukuzo zandikhudza. Ine wina anatenga dikishonale yanga, atasamutsidwa anapita nayo. Ndikamuimbira sayankha. Musamabwereketse zinthu, anthu alibe chisoni.

Aunt T: Ngati ndi oyamba kumene yesani TPR, njira ya James Asher ya m'zaka za m'ma 1960. Mukuti "stand up", "touch the door", iwo akuchita, kuyankhula kumabwera pambuyo. Amanyazi imawamasula.

Mphunzitsi Wopuma: Kalasi si bwalo la masewera!! GALAMALA basi.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Bukulo wabweza lero nditamuonetsa ndemanga zanu, koma masamba ena anang'ambika ndipo sanapepese n'komwe.

Madam Ofatsa: Chabwino madam, koma ndi ana kapena akuluakulu?