Konsati ya piyano ndi opera ku Parktown: tikakhale mbali iti, ndipo m'manja tikaombe nthawi yanji?

Anaphiri a ku Rosettenville:

Moni nonse abale ndi alongo muno mu Johannesburg. Mwana wanga wamkazi, amene amaimba soprano mu kwaya ya kusukulu kwake, wandiumiriza kuti ndipite naye ku konsati ku Linder Auditorium ku Parktown. Pa pulogalamu alembapo kuti m'chigawo choyamba woimba piyano adzakhala yekha ndipo adzaimba sonata ya Beethoven ndi nyimbo za Chopin, kenako m'chigawo chachiwiri adzaimbira anthu awiri, soprano ndi tena, nyimbo za m'maopera (masewero amene nkhani yake imaimbidwa) a Mozart, Verdi ndi Puccini. Ine ndinakulira mu kwaya ya mpingo kwathu ku Dedza, choncho mawu anayi ndimawamva bwino, koma mwana akuti kumeneko oimba sagwiritsa ntchito zokuzira mawu. Kodi munthu mmodzi angadzaze bwanji holo yonse ndi pakamwa pokha? Ndipemphenso amene munapitako mundiuze mipando yoyenera kusankha, ndiponso ngati nthungululu zimaloledwa.

Bambo a Chikondi, Yeoville:

Zikomo mayi. Za mipando, sankhani yakumanzere mukayang'ana kutsogolo, chifukwa woimba piyano amakhala mbali imeneyo, ndipo mwana wanu adzaona bwino mmene zala zikuyendera pa makiyi 88 aja. Amene amakhala kumanja amamva bwino lomwe, koma amangoona nkhope ya woimba ndi thupi la piyano. Holoyo ili pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya yunivesite ya Wits, imalowa anthu pafupifupi 1,000, ndipo okesitira (gulu lalikulu la oimba ndi zida) ya Johannesburg Philharmonic Orchestra imaimbira m'menemo kawirikawiri. Mufike nthawi ilipo, pakuti m'makonsati otere wochedwa amadikira pakhomo kufikira nyimbo imene ikuimbidwayo itatha.

Poomba m'manja m'pamene ambiri amasokonezeka. Sonata ndi nyimbo imodzi yokhala ndi zigawo, kawirikawiri zitatu kapena zinayi, ndipo pakati pa zigawozo woimba amaima pang'ono, koma nyimbo imakhala isanathe. Mudikire mpaka atachotsa manja pa makiyi, n'kutembenukira kwa anthu kapena kuimirira. M'chigawo cha opera zinthu zimamasuka, chifukwa nyimbo iliyonse ikatha anthu amaomba m'manja, ndipo ena amafuula kumene.

Mayi a Tadala, Kempton Park:

Ine ndimaphunzitsa ana nyimbo, ndiye ndiyankhe funso la mawu, limene ndi lalikulu kuposa ena onsewa. Woimba opera sakuwa. Amaphunzira kwa zaka zambiri kusunga mpweya m'munsi mwa nthiti ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, komanso kutsegula kummero kuti mawu azikhala ndi kulira kwina kwakuthwa kumene khutu la munthu limagwira msanga. Kulira kumeneku ndi kumene kumadutsa pamwamba pa zida zonse za okesitira n'kukafika pa mpando womaliza, ngakhale woimbayo akuimba motsitsa. Maopera a Mozart ndi Verdi analembedwa zokuzira mawu kulibe, choncho kaimbidwe kameneka kanakula chifukwa panalibe njira ina yomvekera.

Koma ndikupempheni, Anaphiri, kuti m'chigawo chachiwiricho musamuiwale wa piyano uja, pakuti anthu ambiri amamuona ngati wongothandizira pamene ntchito yake ndi yolemera zedi. Nyimbo za opera zinalembedwera okesitira ya anthu makumi angapo, ndipo iye amanyamula zonsezo ndi manja awiri. Piyano ili ndi vuto limodzi limene pakhosi pa munthu palibe: kanyundo kakangomenya chingwe, mawu amayamba kuzilala nthawi yomweyo, ndipo woimba sangawakuzenso. Soprano akhoza kugwira noti imodzi n'kumaikuza, pamene wa piyano ayenera kutipusitsa ndi kagundidwe ka zala ndi phazi lake pa zopondera za piyano kuti timve ngati nayenso akukoka mawu. Mukamuyang'anitsitsa mudzaona kuti amapumira limodzi ndi woimbayo, amamudikira akachedwa pa noti yapamwamba, ndipo amamugwira akathamanga, monga amachitira wang'oma waluso amene amatsata mapazi a wovina. Nthawi zina amatsitsako chivundikiro cha piyano kuti isamize mawu a munthu.

Kwa mwana wanuyo, muuzeni za Pretty Yende. Anabadwa mu 1985 ku Piet Retief ku Mpumalanga, ndipo opera anayamba kuimva pa malonda a British Airways pa TV ali mtsikana. Anaphunzira ku yunivesite ya Cape Town, anapambana mpikisano wa Operalia mu 2011, anaimba koyamba ku Metropolitan Opera ku New York mu 2013, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo woveka ufumu Charles III wa ku Britain m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Levy Sekgapane, tena wa ku Kroonstad, anapambananso Operalia mu 2017. Dziko lino limatulutsa oimba ambiri otere chifukwa makwaya a m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi olimba, ndipo ana amazolowera do re mi akadali aang'ono, monganso kwathu.

Achimwene a ku Turffontein:

Mayi a Tadala afotokoza momveka, koma ine chimandivuta ndi chilankhulo. Kukhala maola awiri ukumvera Chitaliyana, munthu akulira patsogolo pako iwe osadziwa chimene chamuliza, kumafuna mtima wautali. Langizo langa ndi lakuti musanapite mufufuze pa intaneti nkhani ya nyimbo iliyonse imene ili pa pulogalamu, chifukwa nyimbozi amazizula pakati pa sewero, ndipo mukadziwa kuti akuimbayo ndi mkazi wodwala amene akutsanzikana ndi wokondedwa wake, mawu aliwonse amayamba kukukhudzani. Ndionjezenso kuti opera si ya ku Ulaya kokha, pakuti Mzilikazi Khumalo analemba ya Chizulu yonena za Princess Magogo, mwana wamkazi wa mfumu ya Azulu, imene inaonetsedwa koyamba ku Durban mu 2002.

Pa nthungululu ndisiyana pang'ono ndi Bambo a Chikondi, amene aoneka ngati akuzemba funsolo. Tili ku Africa kuno, ndipo woimba akamaliza bwino n'kuwerama, kumululutira si kulakwa, ndipo ndikhulupirira kuti oimba a kuno amakondwera nazo. Chimene sichifunika ndi kutero nyimbo ili mkati, makamaka pa Chopin, amene nyimbo zake zina zimatsika mpaka chifuwa cha munthu mmodzi chimamveka holo yonse.

Bambo a Chikondi, Yeoville:

Sindinazembe ayi, achimwene. Pamapeto penipeni, oimba onse atatu akatuluka kudzawerama, nthungululu ndikuzivomereza, koma pambuyo pa sonata ya Beethoven ine ndingasankhe m'manja mokha.

Anaphiri a ku Rosettenville:

Zikomo kwambiri nonse. Mipando ndasankha yakumanzere, mzere wapakati, ndipo mwana wayamba kale kufufuza nkhani za nyimbozo. Mayi a Tadala, ngati mungalole, ndikulemberani pambali kuti mundiuze msinkhu woyenera kuti mtsikana ayambe maphunziro a mawu a mtundu umenewu, chifukwa ali ndi zaka 15 ndipo sindikufuna kuti aononge pakhosi poyeserera yekha kunyumba.