AST ya mtima wa khoswe ikutuluka 14, vuto lili pati?

Wophunzira: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuyeza enzayimu ya AST (aspartate aminotransferase) m'mitima ya makoswe. Ndapera mtima mu bafa yozizira, ndazunguza pa sentirifyuji, madzi apamwambawo ndayeza ndi kiti yomwe timayezera seramu (madzi a m'magazi) ya odwala. Makina akuti 14 U/L (mayuniti pa lita). Mtima wathunthu, womwe umakhala ndi AST yambiri, n'kutuluka yochepa chonchi! Ndabwereza katatu, zikungotuluka zomwezo. Kapena kiti yafa? Sabata yatha magetsi anathima usiku wonse, filiji inafunda.

Madala a pa benchi: Usathamangire kutaya kiti mwanawe, ndi yodula. Wayesa seramu ya kontrolo, ija yodziwika kale mlingo wake wa AST? Ndipo pa 340 nm, absorbance, kuchuluka kwa kuwala komwe sampulo ikumeza, ikuyambira pati?

Wophunzira: Kontrolo ili bwinobwino. Ya mtima ikuyambira cha pa 0.2, mzere wake ndi wogona.

Madala a pa benchi: Basitu, wakuba tamugwira. Kitiyo siiona AST mwachindunji. AST imatenga aspartate ndi alpha-ketoglutarate n'kupanga oxaloacetate ndi glutamate. Kenako malate dehydrogenase ya mu kitimo imasandutsa oxaloacetate kukhala malate, ikudya NADH, chinthu chomwe chimameza kuwala pa 340 nm, ndipo makina amangowerenga mmene NADH ikutsikira. Ndi njira ya Karmen ija ya 1955. NADH ikakhala 0.18 mM mu kiyuveti ya 1 cm, uyenera kuyambira cha pa 1.1. Iwe ukuyambira pa 0.2, kutanthauza kuti sampulo yako yamaliza NADH yonse makina asanayambe n'komwe kuwerenga. Makinawo ali ngati mlendo wofika mbale zitatsukidwa, akuti pakhomo pano saphika. Sungunula 1:100, ina 1:500, uyezenso.

Mayi wa biochemistry: Madala anena zoona, koma ndiwonjezepo. Kiti yakoyo ili ndi pyridoxal phosphate? Popanda vitamini B6 ameneyu AST siigwira, ndipo makiti ena otchipa alibe. Chachiwiri, mtima uli ndi AST ziwiri, GOT1 ya mu cytosol (madzi a mkati mwa selo) ndi GOT2 ya mu mitochondria (timagawo ta selo topanga mphamvu). Ziwirizi ndi zina mwa zomwe zimayendetsa malate-aspartate shuttle, njira yomwe mtima umadalira kwambiri polowetsa maelekitironi a NADH ya glycolysis (kuphwanya shuga) mu mitochondria. Ngati sunathire Triton X-100 (sopo wa mu labu wophwanya mitochondria) ndipo wazunguza mwamphamvu, GOT2 yambiri watayira limodzi ndi zotsalira pansi pa chubu.

Madala a pa benchi: Za Triton adzazione mawa, mayi. Akathira lero enzayimu ichulukirachulukira, NADH ithe msanga kuposa kale, mwanayu asokonezeke mutu. Chimodzichimodzi.

Mayi wa biochemistry: Chabwino, bola asadzalembe mu lipoti kuti wayeza AST yonse ya mtima pamene wayeza ya mu cytosol yokha. Ndaziwonapo zimenezo, munthu kuchita kutuluka thukuta pamaso pa omuyesa.

Wophunzira: Ndabwerako. Ya 1:100 ikutsika mofulumira kenako n'kupindika. Ya 1:500 yayambira pa 1.05 ndipo ikutsika mowongoka mphindi zonse zitatu. Manyazi andigwira, masiku awiri ndimatukwana kiti yosalakwa. Pabokosi alemba kuti pyridoxal phosphate mulibe.

Madala a pa benchi: Tenga ya 1:500, uchulukitse ndi 500, usaiwale. Ndipo yeza puloteni kuti upereke U pa mg, za U/L zisiyire seramu.

Wophunzira: Zikomo kwambiri madala, zikomo mayi. Nanga poyeza ALT (alanine aminotransferase, enzayimu inzake ya AST) ndisungunulenso 1:500?

Mayi wa biochemistry: Ayi, mu mtima ALT ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi AST, ungaisowe. Yamba ndi 1:20 uone mzere. Pyridoxal phosphate ndili nayo pang'ono mu filiza, ubwere ndi ayezi.