Ndani akuikumbukira timu yakale ya pa Nathenje?

Abale anga, ndithandizeni. Malume anatisiya mwezi watha, ndiye m'sutikesi mwawo tapezamo chithunzi chakale: anyamata 11, ena osavala nsapato, atagwada pabwalo lafumbi pa Nathenje, kumbuyo kwawo kuli golo ya mitengo ya bulugamu. Dzina la timu analemba kuseri kwa chithunzicho, koma chiswe chinadya pomwepo.

Timuyi sinalowepo mu Super League, paja tikamakamba za mpira wa ku Lilongwe timangothera pa Silver Strikers, Civo ndi Blue Eagles. Komatu mayi amati ikamasewera, anthu ankasiya malonda pamsika.

Alipo anaseweramo kapena kuionerera? Inayamba liti, yunifomu ankagula ndani, nanga inatha bwanji? Ngati mukudziwa agogo woti ndikacheze nawo, Loweruka lomweli ndikwera minibasi.